Eagle ya Amalume Yatula Katundu

Ku Chipata njinga saiyamikira poiona nkhope. Amaifunsa kuti imasenza zingati. Mukaima m'mamawa m'mphepete mwa msewu wochokera ku Lundazi kapena ku Chadiza mudzaona nokha: matumba a makala omangidwa chopingasa, mbuzi ikulira pakaliyala, mtolo wa nzimbe ukukwekwereza pansi, mayi wobereka mwana atakhala cham'mbali kumbuyo kwa mnyamata wa njinga ya hayala. Ndiye nditanena kwathu ku Nabvutika kuti ndikufuna kukonza njinga yosanyamula kanthu, yopanda kaliyala, yopanda madigadi, yoti ukakwera suleka kutchova ngakhale pamtsetse, ambuya anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anatembenukira kwa amayi n'kufunsa ngati mwanayu wadya.

Njinga yake inali ya malemu amalume. Inali chikolekere pamtanda wa kashedi kakuseri, momwe timasungamo makasu ndi makala, ndipo poitsitsa tinachita kumanga nsalu kumphuno. Nkhuku zinaisandutsa chogonera, moti handulo yonse inali mbuu ndi zitosi. Mavu anamanga nyumba zawo zadothi kunsi kwa chishalo, ngati chimenecho tingachitchule chishalo: masipuling'i awiri ndi chigamba cha thumba la feteleza chomangidwa ndi malegeni. Tcheni chinauma gwa, unkatha kuchiimika chilili. Tayala lakutsogolo linalibe chubu. Amalume, m'chaka china chovuta, analiphatika udzu ndi nsanza n'kumayenda choncho. Pedulo lakumanzere linatsala kachitsulo kapakati kokha, kosalala chifukwa cha phazi. Kumbuyo kunali kaliyala wowotcherera wa zitsulo zomangira nyumba, woti n'kukhalapo anthu awiri ndi thumba la chimanga. Dzimbiri ndiye losanena, psuu paliponse.

Tinaiguza mpaka pasikelo ya mnyamata wina wogula soya. Muvi unakaima pa makilogalamu 26. Mnyamatayo anandiuza mtengo wa zitsulo zakutha pakilo, mwaulere, poganiza kuti ndi zomwe ndadzera.

Koma baji yakutsogolo inalipo. Nditaipukuta ndi chala chonyowa, dzina linatuluka: Eagle. Wobadwira kuno safunsa kuti Eagle n'chiyani. Boma la a Kenneth Kaunda linkagawa mafakitale m'zigawo: mabatire ku Mansa, magalasi ku Kapiri Mposhi, zinanazi za m'zitini ku Mwinilunga, magalimoto a Fiat ku Livingstone. Ife a Kum'mawa tinalandira njinga. Fakitale ya Luangwa Industries, yomwe inali pansi pa kampani ya boma ya INDECO, inkatulutsa Eagle muno mu Chipata m'zaka za m'ma 1980. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa m'nthawi ya a Chiluba, inapita m'manja mwa a Tata, ndipo patapita zaka makina ake anazima. Felemu imene ndinaigwira m'manjayo inabadwira m'tauni imodzi ndi ine. Yoteroyo sungaipereke kwa wa sikelo.

Chomwe ndinkafuna ndi njinga imene kunja amaitcha fixed gear. Njinga wamba ili ndi fuliwilo kumbuyo, kaja kamalira kuti tiki-tiki-tiki ukasiya kutchova, n'kumalola tayala kuthamanga miyendo ikupuma. Ukachotsa kameneko n'kumangapo sipuloketi youma, tayala ndi mapedulo zimakhala pachibale chosatha: tayala likazungulira, mapedulo azungulira, ufune usafune. Amene anapondako makina osokera a Singer a ambuya akudziwa. Ukangoyambitsa gudumu, limatenga phazi lako n'kumalivinitsa lokha, ndipo ukafuna kuimitsa umalimbana nalo ndi phazi lomwelo.

Zimenezi si zachilendo. Njinga ya Rover, imene John Kemp Starley anatulutsa ku Coventry mu 1885, kholo la njinga zonse za matayala awiri ofanana, inali yotero. Fuliwilo inafala mochedwerapo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Opikisana m'mabwalo ozungulira sanaifune n'komwe mpaka lero. Eddy Merckx atathamanga makilomita 49.431 pa ola limodzi ku Mexico City mu 1972, anali pa giya imodzi youma. Ku Japan mpikisano wa keirin, womwe anthu amabetcherana ndalama kuyambira 1948, ndi wa njinga zoterezi. Anyamata operekera makalata m'misewu ya New York anazikonda chifukwa zilibe zambiri zoti n'kuwonongeka kapena kubedwa, ndipo kuchokera kwa iwo zinasanduka fasho.

Zonsezi ndinakazifotokozera mdala wina wokonza njinga pansi pa mtengo chakufupi ndi msika wa Kapata. Anamvetsera akupukuta manja pa ovolosi.

"Imeneyo ndimaidziwa, mwana wanga," anatero. "Fuliwilo ikamwa madzi n'kuuma, njinga imachita zomwezo. Anthu amandilipira kuti ndichotse matenda amenewo. Iwe ukufuna undilipire kuti ndiwaike?"

"Inde, atate."

"Khala pansi."

Usiku ndinkatha mabandulo pafoni kuwerenga za zipangizo zakale, ndipo m'menemo ndi momwe ndinapeza chinthu chomwe chimandiseketsa mpaka pano. Zimene osonkhanitsa njinga zakale ku London amasakasaka ndi ndalama zambiri, ife timagula zatsopano m'mapepala ake ku Down Shops. Mabuleki a timitengo tachitsulo m'malo mwa waya. Malimu a mtundu wa Westwood, omwe buleki imawagwira chakumimba osati m'mbali. Makotapini okhomera mikono ya mapedulo. Mavavu a Dunlop okhala ndi kampira kaja kamaphulika dzuwa likatentha. Matayala a 28 x 1½, omwe limu lake ndi la mamilimita 635, lalikulu kuposa la njinga zamakono zothamangitsa lomwe ndi 622. Uku ndi kamangidwe ka njinga ya ku Britain ya nkhondo yoyamba isanayambe. Amwenye anakatengera, Atlas kuyambira 1951 ndi Hero ya ku Ludhiana kuyambira 1956. Matchaina nawonso, Flying Pigeon ya ku Tianjin mu 1950 ndi Phoenix ya ku Shanghai. Kwawo komwe inachokera anaisiya kalekale. Kuno sinakalambe, chifukwa palibe inaposa iyo ponyamula makala pamsewu wafumbi ndiponso pokonzeka ndi sipanala imodzi ndi hamala.

China chinandidumphitsa pamphasa. Njinga zamakono zambiri sizilola giya youma mosavuta, chifukwa polowera ekiselo yakumbuyo pamayang'ana pansi, ndiye sungakoke tayala kuti tcheni chikungike. Njinga za m'bwalo la mpikisano zili ndi mipata yoyang'ana kumbuyo. Ndinatuluka ndi tochi kukaunika Eagle. Mipata yoyang'ana kumbuyo, ndi timabawuti take tokokera tcheni! Amalume anatha zaka akunyamula makala pafelemu yokonzekera kale zimene ine ndinkalota.

Kumasula kunatenga parafini wambiri ndi mawu ena osayenera kulembedwa. Mdala uja anachirikiza mkono wa pedulo ndi kapaipi asanamenye kotapini, kuti nkhonya ya hamala isakaphwanye mabelingi a m'kati. Chitsulo cha chishalo chinakana mpaka anachithira oyilo wakutha wa galimoto n'kuchisiya padzuwa. Pochotsa chimodzichimodzi tinaona kuti pa Eagle yeniyeni panatsala felemu, foloko ndi baji. Habu yakumbuyo inali ya Phoenix, pedulo lamoyo lija la Hero, belu la Avon. Amalume ankaika chilichonse chomwe thumba lalola mwezi umenewo, ndipo zonse zinkalowana, pakuti onsewo anakopera muyezo umodzi.

Kuseri kwa benchi ya mdalayo kuli mgolo wodulidwa pakati momwe amaponyamo zakutha. Anandilola kuvundula. Ndinatulutsa mahabu ong'aluka, mafoloko opindika, mabelu osalankhula, mpaka dzanja linagwira giya yaikulu ya pamapedulo, yakuda bii ndi girizi wouma. Nditaikwecha ndi msomali panaoneka kamutu. Kenaka kamkono. Tianthu tating'ono tachitsulo, togwirana manja, tikuzungulira m'kati mwa giyayo. Ndinakuwa mpaka amayi ogulitsa tomato anacheuka.

"Humber," anatero mdala, osadzutsa n'komwe mutu.

Makampani akale a ku England ankasaina dzina lawo pagiya imeneyi. Raleigh ankadulapo mitu ya mbalame ya kakowa, Rudge chikhatho cha dzanja, Humber tianthu timeneti. Thomas Humber anayamba kupanga njinga ku Nottingham mu 1868, ndipo Raleigh inagula dzinalo mu 1932, kenaka Rudge mu 1943, Triumph mu 1954, BSA mu 1957. Humber inkadziwikanso ndi foloko ya mapaipi awiriawiri mbali iliyonse. Akuluakulu akuno amaikumbuka bwino. Munthu akabwera kuchokera ku migodi ya Kitwe, ku Salisbury kapena ku Joni atakwera Humber, mudzi wonse unkadziwa kuti ulendo unayenda. Giya imene ndinaitolayo mwina inabwera motero, pamwamba pa basi, m'masiku omwe tauni ino inkatchedwa Fort Jameson.

Ndinkafuna kutenganso makapu a pakati omwe anali mumgolo momwemo, olembedwa kuti Raleigh. Mdala anandilanda. "Za Raleigh zimalowa pa Raleigh pokha. Ukakakamiza, upha mazinga a felemu." Madzulo ndinakapeza chifukwa chake: a Raleigh ankadula mazinga 26 pa inchi, pamene ena ambiri a ku Britain, ndi Amwenye omwe anawatsatira, ankadula 24. Mdalayo sanawerengepo zimenezo paliponse. Zala zake zinaphunzira pamafelemu a eni ake. Mwamwayi mkono wa pedulo sudalira mazinga amenewo. Umangolowa pa ekiselo n'kukhomedwa ndi kotapini ya mamilimita 9.5, yomwe ku Down Shops amagulitsa m'kabokosi pafupi ndi machesi. Humber inakwatiwa ndi Eagle popanda mlandu.

Mutu unauma pa habu. Sipuloketi youma imalowa pamazinga omwewo a fuliwilo, koma ukaponda chobweza kuti uchepetse liwiro, imayamba kumasuka. Habu yeniyeni ya giya youma ili ndi mazinga awiri: aakulu a sipuloketi, ndi ena ocheperako, opita kumanzere, a mphete yotsekera. Sipuloketi ikati imasuke, imakankha mphete, mphete n'kumangika kwambiri. Nzeru yaing'ono, koma ndi imene imasunga mano a wokwera. Wowotcherera wina wa kwathu anati ndimupatse fuliwilo aithire moto iume, nkhani ithe. Ambiri angachite zimenezo, ndipo njinga ingayende ndithu, koma fuliwilo yowotcherera imathabe kumasuka pahabu, ndipo Chipata ndi tauni ya m'chigwa chozingidwa ndi mapiri. Ndinakana. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anagula habu yoyenera, sipuloketi ndi mphete yake, n'kupatsira munthu wa pabasi.

Phukusi litafika tinawerenga mabowo: 32. Limu lakumbuyo la njinga zathuzi lili ndi mabowo 40, lakutsogolo 32, mwambo wa Angerezi woti kolemera kukhale masipoko ambiri. Ine nkhope inagwa. Mdala anaseka mpaka kutsokomola.

"Wati njinga yako sidzanyamula kanthu? Ndiye masipoko 40 ngachiyani? Kagule limu lakutsogolo lina, tiliike kumbuyo."

Analuka gudumu limenelo masana amodzi, akusintha kapingasidwe ka masipoko kufikira utali wa omwe tinali nawo unakwana, akuliza lililonse ndi chala kuti amve ngati lakungika mofanana ndi anzake. Habu yatsopano inali yotambalala pang'ono kuposa felemu, ekiselo yake yonenepa pang'ono kuposa mpata. Felemu yachitsulo imamva kukambirana: anaikanula pang'onopang'ono ndi thabwa, napala mipata ndi tupa, nayeza ndi ulusi kuchokera kutsogolo kuti mbali zonse zifanane. Gudumu linalowa kuti tswii.

Kenaka masamu. Giya ya Humber ili ndi mano 46. Tayala la 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2 ndi kakusefukira. Ndi sipuloketi ya mano 18, kutchova kamodzi kumakupititsa mamita 5.7: zokoma pamsewu wosalala, zowawa pachitunda. Ya mano 22 imapereka 4.7, yabwino pokwera koma potsika miyendo ingathothoke. Poti giya ndi imodzi yomweyo kokwera ndi kotsika, umasankha kuvutika komwe ungakupirire. Ndinasankha 20, mamita 5.1.

Tsopano kukongoletsa, komwe ine ndinkadikira. Ndinapala felemu ndi sandipepa mpaka chitsulo chinayera, ndipo pansi pa dzimbiri lonse lija panalibe bowo ngakhale limodzi. Penti yofiira yoteteza dzimbiri, kenaka yakuda yonyezimira, yopaka mopyapyala, kuumitsa m'chipinda chotseka chifukwa fumbi la Nabvutika silipempha chilolezo. Mnyamata amene amalemba mayina pamagolosale ndi mabala anajambula timizere tiwiri tagolide m'paipi iliyonse, ndi dzanja lokha, atagwira mpweya. Handulo ndi timitengo ta buleki ndinazikwecha ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsa, nzeru yomwe ndinaiwerenga osaikhulupirira, ndipo kuwala kunabwerera ndikuona. Tianthu ta Humber tinatuluka m'parafini tili ngwee.

Chishalo chachikopa cha Brooks, kampani ya ku Birmingham ya 1866, mtengo wake ungagule njinga yonse yatsopano ndi pampu yomwe. Tinatenga mafupa a chishalo cha amalume, masipuling'i aja, kupita nawo kwa wosoka nsapato. Anadula chikopa chochindikala cha ng'ombe, anachiviika m'madzi, anachiumba pamwamba pa zitsulozo n'kukhoma ndi timisomali tamkuwa. Zotsala anazilezaleza n'kukulunga pogwirira handulo. Ambuya, omwe mpaka apa ankangoonera patali, anatulutsa kabotolo ka mafuta a nsatsi osanena kanthu. Chikopa chinamwa n'kusanduka chofiirira.

Buleki yakumbuyo ndi timitengo take tonse tinachotsa, pakuti ntchito imeneyo yatengedwa ndi miyendo. Yakutsogolo inatsala. Anyamata a m'mavidiyo amayenda opanda buleki n'komwe, koma iwowo sakumana ndi mbuzi, ngolo ndi mwana wothamangitsa mpira pakona imodzi.

Tsiku lomwe tinaiimika pamtengo wa mdala, anthu anasiya zogula. Yakuda bii, yowala, timizere tagolide tikuthamanga m'mapaipi, matayala aatali opanda chowaphimba, tcheni chowongoka kuti nyoo, baji ya Eagle itapukutidwa pachipumi. Popanda kaliyala ndi madigadi inaoneka yaitali miyendo, yopepuka, yonyada. Ndinabwerera nayo kwa mnyamata wa soya uja. Makilogalamu 15. Anayang'ana muvi, anayang'ana njinga, n'kufunsa komwe ndagula. Nditamuuza kuti ndi yomwe ija anafuna kuigula pakilo, anati ndisamuyese mwana.

Kukwera kwake! Choyamba chimene umamva ndi kusowa kwa phokoso. Palibe tiki-tiki, palibe madigadi ogwedera, palibe kaliyala wolira. Matayala okha kuti fwaa pamchenga. Ukaponda, njinga imayankha pomwepo. Ukafewetsa miyendo, imakunyamula mapazi n'kuwapititsa yokha. Pamchenga wa m'tinjira ta kwathu umamva tayala lakumbuyo likangoyamba kuterera, ndipo umalibweza ndi ntchafu. Pachitunda imakwera modabwitsa, chifukwa liwiro la gudumu limakuolotsa pamalo paja pedulo limafera pamwamba. Ndinatulukira pa Umodzi Highway, ndinadutsa m'tauni phiri la Kanjala likundiyang'ana, n'kulunjika msewu wa ku Mwami ndikuseka ndekha. Pamtsetse ndi pomwe pali gule. Pa makilomita 40 pa ola, giya yangayi imafuna miyendo izungulire ka 130 pa mphindi. Thalauza lakumanja umalipisa m'sokosi, chifukwa tcheni cha njinga yotere chikagwira nsalu kapena chala sichiima kuti chipepese.

Ndaphunziranso kuima chilili pamphambano osatsitsa phazi, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, ndiponso kuyenda chobwerera m'mbuyo mamita angapo. Ana a m'Nabvutika amanditsatira akukuwa kuti ndibwerezenso.

Anyamata a njinga za hayala anaizungulira pasiteji yawo. Wina wa Buffalo, zolimba zija za World Bicycle Relief zomwe zimaima ukaponda chobweza, anati yakeyo ndi chimodzimodzi. Ndinamupatsa kuti alawe, nditamuchenjeza kawiri kuti asaleke kutchova. Ananyamuka mwamatama, anathamanga mpaka pagolosale, ndipo pokhota anachita zomwe miyendo yake yachita moyo wake wonse: anaimitsa mapazi kuti apume. Pedulo linamutukula pachishalo n'kumukhazikanso. Sanagwe, koma chipewa chinatsala m'mwamba, ndipo anzake anagona pansi ndi kuseka. Anabwerera akutchova mwaulemu kwambiri.

"Akulu, njinga yanuyi ili ndi munthu m'kati," anatero pondibwezera. Kenaka anapempha kuti ayesenso.

Ambuya anaizungulira kawiri, anagogoda chishalo ndi chala, anawerama kuyang'ana tianthu ta pagiya. "Yakongola kuposa tsiku lomwe mwana wanga anaigula," anatero. Mtima wanga unadumpha. "Nanga kuchigayo chimanga uzinyamula pamutu?" Kaliyala wa amalume sanatayidwe, tinamuika pa Hero ya mlongo wanga, ndipo Loweruka lililonse wopita kuchigayo pa Hero imeneyo ndine.

Sabata yatha ndinapitanso kwa mdala, chifukwa mnyamata wa Buffalo uja wapeza felemu yakale kwa agogo ake ku Mtenguleni ndipo akufuna yakeyake. Mgolo uja ndinaupeza utavundikiridwa ndi lata, pamwamba pali mwala. Pamsomali wa pamtengo panali patakolekedwa giya ina, yotsukidwa bwino ndi parafini, yolembedwa kuti Phillips. Ndinafunsa mtengo. Mdala anatchula ndalama yoti n'kugula matayala awiri ndi machubu ake.

"Atate, ya Humber ija munandipatsa ulere!"

"Nthawi imeneyo zinali zinyalala," anatero, akupopa tayala la munthu wina. "Ukafuna, lipira theka lero. Pali mphunzitsi wa ku Katete akubwera kudzaiona Lachisanu."